Bwato la Mabokosi a Tiyi

Esteri anali pakhonde akusenda chinangwa choti ayanike makaka pamene Lettie, mnansi wake wotchola tiyi, anatulukira akuthamanga, dengu likadali kumsana.

"Amayi a Joice! Siyani mpeniwo. Bwato lija lamira kudamu!"

Mpeni unagwera m'beseni. "Nanga anthu?"

"Atuluka onse awiri. Amuna anu avuuka matope mpaka m'makutu, mfuti atasenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni." Lettie anayesa kugwira pakamwa koma chiseko chinamuposa mphamvu. "Mundikhululukire, achemwali, koma tonse tinali pomwepo, tikuchokera kokayezetsa masamba. Akapitawo athu, madzi akuchucha m'chipewa!"

Esteri anatsinzina pang'ono nathokoza Mulungu chamumtima. Kenako anasamba m'manja, natereka madzi osamba.

Amuna ake, a Robson Namakhwa, anali kapitawo wa otchola tiyi pa esiteti ina chakufupi ndi Chonde. Anali ndi mfuti yowombera mbalame yomwe mzungu wina anawasiyira pobwerera kwawo, ndipo chaka chilichonse ankapita kuboma kukakonzetsa laisensi yake atavala jekete. Mnzawo wa pamtima anali a Bizwick Mulepa, kalipentala wa kufakitale, amene ankakhoma mabokosi otumizira tiyi kunja. A Bizwick ndiwo anapanga bwatolo. Anatola mabokosi okanidwa, nawaphatikiza kawirikawiri, nawakhomera pa nthiti za mkungudza, namata phula lotsala kwa anthu okonza msewu. Malemba a fakitale ankaonekabe m'mbali mwake, atazondoka.

Loweruka lililonse masana, ntchito ikatha, awiriwa ankapalasa pa damu la esiteti kukasaka abakha a m'tchire. Pa zaka zitatu anapha anayi. Mmodzi mwa anayiwo anapezeka kuti anali bakha woweta wa mlonda wa padamupo, ndipo anakapepesa ndi tambala. Koma sankasiya. A Bizwick anali ndi malamulo awiri okha, ndipo ankawanena nthawi zonse asanakankhe bwato. Loyamba, munthu asaimirire m'bwatomo. Lachiwiri, mfuti ikhale yotsegula, yothyola pakati kuti isawombe, mpaka iwo atanena kuti afika pabango.

A Robson anafika akutsimphina chifukwa nsapato imodzi inatsala m'matope. Amayi ndi abambo a m'nyumba za kampani anaima m'makomo.

"Akapitawo, ndiwo zili kuti?"

"Lero abakha ndi amene awombera!"

A Robson anaima pakati pa bwalo, nkhope ili gwaa. "Sekani, koma ndikanafa ine. Ndangoti ndiwombe chonchi, pansi pa bwato n'kuphwasuka. Mabokosi aja ndi onyamulira tiyi, si anthu. Ndakhala ndikuwauza a Bizwick kuti misomali yawo njaifupi."

Esteri sanamvepo amuna ake akunena za misomali yaifupi. Koma anangowalandira mfuti, nawapatsa thaulo.

"Nanga a Bizwick ali bwanji?" anafunsa ali m'nyumba.

"Aponda msomali potuluka. Apita kwawo."

"Mwawaperekeza?"

"Ndi matope amenewa? Bweretsa mafuta a mashini osokera aja, mfutiyi ingachite dzimbiri."

Nkhani inayenda. Lamlungu potuluka m'tchalitchi anthu ankaikamba chonong'ona, koma Lolemba kufakitale anaikamba mokweza. A Bizwick sanapite kuntchito, ndipo anzawo anati akubisala ndi manyazi. Wina anati, "Ine ndikafa, bokosi langa asakhome a Mulepa. Ndingagwere panjira tisanafike kumanda." Mayi wina amene anawapempha kuti amukonzere chitseko anatumiza uthenga woti asavutikenso.

Esteri ankamva zonsezi atakhala pa kampando kamene a Bizwick anamukhomera ali ndi pakati pa Joice, ataona kuti akuvutika kudzuka pamphasa. Ankakumbukiranso za matemba. Loweruka lililonse, pamene a Robson ankadikira abakha osabwerawo, a Bizwick ankaponya mbedza kumbuyo kwa bwato. Pobwerera ankasiya kamulu ka nsomba pakhonde pa Esteri, n'kunena kuti, "Mlamu, agwira ndi amuna anu awa." Onse atatu ankadziwa kuti a Robson satha ngakhale kulowetsa nyongolotsi ku mbedza.

"Abambo a Joice, simukawazonda anzanu?" anafunsa Lachiwiri.

"Mawa."

Lachitatu anafunsanso.

"Ndanena kuti mawa. Msomali ndi matenda?"

Tsiku lomwelo Esteri ananyika kalongonda, nayamba kumuphika ndi kutaya madzi ake mobwerezabwereza monga amachitira kwawo, chifukwa ankadziwa kuti a Bizwick amamukonda. Lachinayi m'mawa anamuika m'kambale, natenga chinanazi chimodzi, napita ku mzere wa nyumba wa kumunsi.

Alefa, mkazi wa a Bizwick, anamulandirira panja. Maso ake anali ofiira.

"Zikomo, achemwali. Ingosiyani pompano, agona."

"Ndingowaona nkhope."

"M'nyumbamo simunasesedwe."

"Kwathu kumasesedwa liti?" Esteri anamwetulira, nawerama kulowa.

Fungo ndilo linayamba kumulonjera. A Bizwick anagona pamphasa, thukuta lili pamphumi ngakhale kunja kunali chiperoni. Phazi lamanzere linali lokulunga nsanza, ndipo kutupa kunali kutadutsa kale pa kakolo. Ataona mlendo anayesa kukhala tsonga.

"Mlamu! Mwabwera kudzaona woyendetsa sitima? Sitima yapita, watsala mwini wake."

"Musadzuke, alamu."

Esteri anagwada kuti aike kambale pansi. Pafupi ndi mphasa panali sosala, pamwamba pake singano yakuda ndi moto. Pambali pa singanoyo panali timibulu ta mtovu, tating'ono ngati mapira. Anatiwerenga osafuna. Tisanu ndi tiwiri. Ankatidziwa bwino timeneti, chifukwa anatilumapo m'nyama ya bakha wa mlonda uja.

Alefa anaima pakhomo, nayamba kulira mopanda mawu.

"Msomali wake ndi umenewu?" anafunsa Esteri motsitsa.

A Bizwick anayang'ana kudenga. "Mlamu, simunaone kanthu."

"Ndaona."

"Ndiye mverani, koma zithere m'nyumba muno." Anatsitsa mawu. "Tisanafike pabango, abakha anauluka kumanja kwathu, ambiri zedi, oti sitinawaonepo chiyambire. Achimwene anga aja, amuna anuwo, mtima unawathamanga. Anatseka mfuti, n'kuimirira. Ndinakuwa kuti khalani pansi! Bwato linapendekeka, iwo n'kuterereka, chala chili pomwe paja. Mfuti inalira italoza pansi. Bowo lake mukanalowetsa mutu. Tambiri tinapita m'madzi, tochepa tinapeza phazi langa."

"Iwowo akudziwa?"

"Anaona magazi kumtunda. Ndinati ndi msomali. Sanafunsenso."

"Tinatulutsa tisanu ndi tiwiri," anatero Alefa, "koma tina tili m'kati, singano sikufika. Ndawachonderera kuti tipite kumishoni. Akukana. Ngakhale kwa adiresa omanga mabala pa esiteti pompano akukana."

"Ukufuna ndikanene kuti chiyani?" A Bizwick anatembenukira kwa Esteri. "Adokotala akangoona mtovu, alemba kalata ya kupolisi. Masiku ano nkhani ya mfuti ndi magazi simadziwa komwe ikathere, muyambira kupolisi, mawa muli kwa atcheyamani a chipani. Mfuti alanda, zimenezo n'zazing'ono. Koma ukapitawo utha, ndipo nyumba muli inuyo nja kampani. Ana asanu mukawaika kuti? Ine ndipirira. Litupa, liphulika, lipola."

"Nanga dzina lanu? Mukudziwa zimene akunena kufakitale?"

"Akuti misomali yanga njaifupi." Anaseka pang'ono, kenako anakwinya nkhope ndi ululu. "Aseke. Kuseka sikutupitsa phazi. Kodi m'kambalemo ndi kalongonda? Mwandikumbuka, mlamu."

Sanadye. Anangonunkhiza, nabweza.

Potuluka, Esteri anapempha Alefa timibuluto. Anatimanga pa ngodya ya chitenje chake, napita kwawo atatsimikiza kuti akangofika akalankhula.

Koma atafika anapeza ana akusewera pakhonde la simenti. Anaona mpopi wa madzi pakona, denga la malata, mapapaya amene anabzala yekha chaka chimene analowa m'nyumbamo. Kumudzi kwawo ku Thuchila munda unagawidwa kale pakati pa achemwali ake, panalibe ngakhale poika khola la nkhuku. A Robson atabwera kuntchito anawapatsa madzi osamba ndi chakudya, koma za timibulu tija sanawauze.

Lachisanu anapemphera kwambiri. Anapempha kuti phazi liphulike lokha ndi kupola monga ananenera mwini wake. Anapemphera akusesa, anapemphera akutunga madzi. Koma nthawi iliyonse akawerama, kamfundo ka pa chitenje kankamugunda pa ntchafu. Masana anatumiza ufa wa phala kwa Alefa kudzera mwa Lettie. Iye mwini sanapiteko. Lettie pobwerera sanali kuseka.

"Achemwali, bambo aja akubwebweta. Akuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Msomali wanji umenewu?"

Esteri anati sadziwa. Mawuwo atatuluka, anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Loweruka m'mawa a Robson anakhala pakhonde akudikira tiyi, mfuti ili pamiyendo, akuipukutanso ngakhale inali itawala kale. Sabata yonse ankadya pang'ono ndipo ankakalipira ana pa zinthu zopanda pake. Esteri anabweretsa kapu pa sosala. Anamasula kamfundo kaja, nakhuthulira timibulu tisanu ndi tiwiri pambali pa kapuyo. Tinalira pang'ono pa sosalapo.

A Robson anatiyang'ana. Nsanza yopukutira inaima.

"Watitenga kuti?"

"M'phazi mwa a Bizwick. Tina tatsala momwemo."

"Iwo anati ndi msomali."

"Inu munakhulupirira?"

Kumunsi kunamveka belu la fakitale.

"Abambo a Joice, ine sindidziwa za mfuti kapena za bwato. Ndikudziwa kuti munthu uja akuwola phazi kuti ife tigone m'nyumba ino. Dzulo wayamba kuitana akufa."

"Ukudziwa zimene apolisi angandichite?"

"Sindidziwa."

"Ntchito? Ana awa?"

"Ndaganiza zonsezo. Ndaziganiza kwambiri kuposa mmene ndinayenera." Analoza pamene amuna ake anakhala. "Kampando mwakhalirako anakhoma ndi iwo."

A Robson anayang'ana pansi ngati akukaona koyamba. Kenako anathyola mfuti pakati, naikulunga m'chiguduli, nalowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete ya kuboma ija, laisensi ikuonekera m'thumba.

"Tenga chigudulicho unditsatire. Ine nditenga njinga."

Atafika kwa a Bizwick anawakweza pa kaliyala, Alefa atawagwira mbali ina, Esteri mbali ina, a Robson akukankha. Njira yopita kumsewu waukulu inkadutsa m'munda wa tiyi momwe gulu la a Robson linkatchola. Mitu inadzuka m'mizere.

"Akapitawo, mwanyamula amisiri! Mukukawagulira misomali yaitali?"

A Robson anaimitsa njinga.

"Tamverani nonse," anatero ndi mawu omwe ankaitanira mayina m'mawa. "Bwato lija silinaphwasuke. Linali lolimba. Ndinaliboola ndine ndi mfuti, chifukwa ndinaimirira atandiletsa. Munthu uyu ndinamuwombera phazi, ndipo ndinakunamizani."

Palibe anaseka. Mayi wina anatula dengu lake, navula mpango, nabwera kudzaufunditsa a Bizwick pamapewa chifukwa ankanjenjemera. A Bizwick anatsegula maso pang'ono.

"Achimwene, mwalankhula zambiri. Kankhani njinga."

Kumsewu anapeza lole yonyamula nkhuni imene inawatula pa chipatala cha mishoni. Anamwino atamasula nsanza anayang'anana, nathamangira kukaitana adokotala. A Robson anafotokoza zonse asanafunsidwe, kenako anatenga chiguduli chija kwa Esteri nauyamba ulendo wa kupolisi wapansi. Sanafune kudikira kalata.

Anagona kupolisiko masiku awiri. Mfuti sinabwerere. Nkhani inatha popanda kupita kukhoti chifukwa a Bizwick, atatsitsimuka, anauza wapolisi amene anabwera kudzalemba kuti inali ngozi ya anthu awiri opusa. Akuluakulu a esiteti anawachotsa a Robson pa ukapitawo n'kuwapatsa ntchito yoyang'anira nazale. Nyumba sanawalande. Esteri atamva zimenezi sanathe kukondwa. Chinthu chimene anachiopa mpaka kutseka pakamwa sichinachitike n'komwe.

Koma phazi silinapulumuke lonse. Adokotala anadula zala zitatu ndi mbali ya kutsogolo kwake. Tsiku la opaleshoni Esteri anali pakhonde la wodi ndi Alefa pamene namwino wamkulu, mayi wa imvi, anatuluka akupukuta m'manja.

"Moyo tausunga. Koma amayi inu, munkadikira chiyani? Mukanabwera naye ngakhale masiku awiri m'mbuyomu, bwenzi tikukamba zina."

Alefa anaweramitsa mutu, nalandira mawuwo ngati ake. Esteri anawerenga chamumtima. Lachinayi. Lachisanu.

Lamlungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, anapita kukazonda. M'wodi munali modzaza. Anabwera anzawo a kufakitale, ndi uja wa bokosi la maliro yemwe, atanyamula nthochi, akulephera kuyang'ana wodwala kumaso. A Robson anali atakhala m'mphepete mwa bedi, akusenda lalanje ndi kupereka kachigawo kamodzikamodzi. Anali atapepesa kale kangapo, mpaka a Bizwick anawaletsa.

"Achimwene, mukapepesanso ndiitana anamwino akutulutseni. Zaka zitatu mukuphonya abakha, tsiku limene mwalasa chinthu mukulira?"

Anthu anaseka mosamala.

"Bwato lija tikalivuule madzi akaphwa," anapitiriza. "Nthiti zake nza mkungudza, sizinawole. Ndimata thabwa lina. Koma ulendo uno inu mudzagwira mbedza."

"Sinditha kuika nyongolotsi," anatero a Robson.

"Tikudziwa tonse. Mlamu akudziwanso." A Bizwick anatembenuka, namuona Esteri ataima kumiyendo kwa bedi ndi kambale m'manja. "Si choncho, mlamu? Mwabweretsanso kalongonda? Lero ndiye ndidya. Alefa, landira. Mayi awa ndi amene anandipulumutsa, anthuni. Akanapanda kubwera kudzandiona, bwenzi mukuimba nyimbo kwathu."

Alefa anatambasula manja kuti alandire kambale, akumwetulira. Esteri sanakapereke. Ankayang'ana bulangete pamalo pamene phazi lamanzere linathera msanga kuposa linzake.

Iye sanali munthu wolankhula pagulu. Ngakhale kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, akamupempha kuti atsekere ndi pemphero, ankapempha kuti apemphere wina. Akanatha kupereka kambaleko, n'kukhala pansi, ndipo palibe akanadziwa, ngakhale amuna ake. A Bizwick ndi Alefa ankadziwa tsiku limene anabwera, koma Esteri anaona pa nkhope zawo kuti anasankha kale kusaliwerenga.

Anaika kambale pansi, nagwada pa simenti pambali pa bedi.

"Alamu, sindinakupulumutseni. Ndinaona phazi lanu Lachinayi m'mawa. Ndinatenga mtovu uja n'kuumanga pa chitenje, ndipo ndinayenda nawo masiku awiri osanena kanthu, chifukwa ndinkaopa kutaya nyumba. Lettie atandifunsa ndinati sindidziwa. Anamwino atakalipa, ndinasiya mawu awo agwere Alefa."

"Mlamu, dzukani. Ndine ndinakuuzani kuti musanene."

"Inu munanena chifukwa cha chifundo. Ine ndinamvera chifukwa cha mantha." Anapukuta m'maso ndi ngodya yomwe ija ya chitenje, imene inali ikadali yokwinyika pomwe panali mfundo. Kenako anakweza mawu kuti ndi a pabedi la kukhomo omwe amve. "Masiku awiri ajawo anali anga. Alamu, Alefa, pamaso pa Mulungu ndi anthu awa, ndikupempha mundikhululukire."